Uthenga wa Mtedza Umene Sunapite

Linali Lachinayi la sabata yomaliza ya Epulo, nthawi itangopitirira 3 koloko masana. Ndinali m'munda ndikukumba mtedza, foni nditaimangirira pansonga ya chitenje. Inalira kawiri ndisanapukute manja. Amene ankalankhula sindinkawadziwa. Anati apeza nambala yanga m'kabuku kamene kanali m'chikwama cha mtsikana wina, ndipo anafunsa ngati ndine mayi wake. Anati njinga yamoto imene anakwera yagundidwa ndi lole kufupi ndi Msundwe, ndipite kuchipatala ku Namitete, koma ndisapite ndekha. Munthu akakuuza kuti usapite wekha ndiye kuti wakuuza zonse. Khasu ndinalisiya pomwepo, linakatoledwa ndi anthu ena patapita masiku anayi.

Za maliro sindilemba zambiri. Amene anaikapo mwana akudziwa, amene sanaikepo sangamve ngakhale nditadzaza kope lonse. Chimene ndikufuna kulemba ndi nkhani ya laputopu yake, chifukwa mmenemo munali kulakwa kwanga.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Kuwerenga ndimawerenga, koma pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Mwana wanga ndiye anapita patali. Bambo ake anatisiya iye ali Sitandade 6, koma anaphunzira mpaka kukoleji, n'kupeza ntchito ku kabungwe kena ka ku Lilongwe kamene kamatumiza malangizo a ulimi pa mafoni a alimi. Masiku ambiri ankagwirira ntchitoyo kuno kumudzi, chifukwa alimiwo ndife. Ankakhala pakhonde, laputopu ili pamiyendo, n'kumalemba.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti zimene amalembazo zimafika bwanji m'mafoni a anthu a ku Nsaru ndi ku Kabudula iye ali khale pakhonde langa.

"Amayi, zimene ndimalemba muno zimakhala muno basi, ngati chimanga chimene chili m'dengu," anatero. "Ku ofesi kuli nkhokwe, osati ya nsungwi ayi, ya pa kompyuta, mmene tonse timathiramo ntchito yathu. Lolemba lililonse m'mamawa makina amatapa m'nkhokwemo n'kuika m'buku la malangizo. Mauthenga opita m'mafoni amachokera m'buku limenelo. Chimene sindinathire m'nkhokwe, buku silichidziwa."

"Ndiye umathira bwanji uli kuno?"

"Mumati pachulu paja ndimakasaka ngumbi?"

Kuseri kwa nyumba yanga, m'munda wa banja lathu, kuli chulu chachikulu. Pamudzi ponse ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino. Lachisanu lililonse m'mawa ankakwera pamenepo ndi laputopu ndi foni yake, n'kukhala moyang'ana ku Namitete. Nthawi zina ankatsika msanga, nthawi zina ankachedwa n'kutsika akudandaula. Ankati akugwirizanitsa za muno ndi za uko kuti zifanane. Masiku ena onse sankakwerako.

M'buku lija munali gawo la nzeru za alimi eniake. Chaka chatha anazungulira m'midzi kufunsa amayi zimene amachita, ndipo anafunsanso ine. Ndinamuuza kuti mtedza usanauswe uziuwaza madzi n'kuufunditsa thumba, makoko amafewa ndipo zala sizipweteka. Mayi anga ankatero, ine ndakhala ndikutero moyo wanga wonse. Analemba ndili pomwepo. Ndinakondwa kwambiri, mpaka ndinakauza amayi anzanga a kumpingo kuti nzeru zanga zidzafika m'mafoni.

Lachitatu, loti amwalira mawa lake, anabwera kuchokera ku Nsaru kumene anakumana ndi alangizi a zaulimi. Sanakhale pansi. Analowa m'nyumba n'kutulutsa thumba limene munatsalira mtedza woswa wa chaka chatha, umene ndinkasinja wothira m'ndiwo. Anatapako dzanja limodzi n'kuyamba kung'amba njere pakati ndi chikhadabo. Zina zinali zoyera. Zina mkati mwake munali fumbi lobiriwira, lina lakuda.

"Ichi ndi chuku, amayi. Chimabwera ndi madzi aja. Alangizi akuti poizoni wake satha ngakhale mukazinge, amawononga chiwindi, ndipo ana amene amadya amapinimbira."

"Ife takula tikudya umenewu," ndinayankha. Ndinakwiya, sindibisa.

"Ndikudziwa. Inenso munandilera ndi umenewu, n'chifukwa chake ndili wamfupi chonchi." Anaseka, ine sindinaseke.

Anatsegula laputopu n'kufufuta mawu anga, n'kulemba ena. Anandiwerengera: mtedza uziswedwa wouma, musauwaze madzi ngakhale pang'ono. Anakonzanso zina zimene alangizi anamuuza, zimene sindinamve bwino chifukwa ndinali nditadzuka kukaulutsa nkhuku zimene zinalibe mlandu.

"Musadandaule, uthenga wanu uja sunapitebe," anandikuwira. "Uli pamzere. Kuyamba wa kukumba, kenako wa kuumitsa, wa kuthothola, wa kuswa ndi womaliza. Ku ofesi sindiwauza n'komwe, ndinalemba ndine, ndikonza ndine. Lachisanu ndikakwera pachulu zatha."

Tsiku loika maliro kunabwera anzake a kuntchito. Mmodzi wa iwo, mayi wachitsikana wovala magalasi, anapatukira pambali ndi achimwene anga n'kuwauza mwaulemu kuti laputopu ndi ya bungwe, ndipo angakonde kuitenga. Achimwenewa ndiwo eni mbumba yathu, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Anayankha kuti katundu wa malemu satuluka pakhomo mpaka abale atakhala pansi n'kugawa zovala, ndipo tsiku limenelo linaikidwa pakatha mwezi. Anasonkhanitsa zinthu zonse za mwana wanga m'chipinda chake, anaika loko pachitseko, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Ine ndinaona zonsezi koma mutu wanga sunali pamenepo.

Panapita masiku khumi ndi limodzi ndisanakumbukire. Linali Lolemba. Kunabwera aneba anga, mayi wochokera ku Mulanje amene amuna awo ndi atenanti pa esiteti ya fodya, kudzandithandiza kuunjika mtedza umene anthu a kumpingo anandikumbira. Foni yawo inalira, anaitulutsa n'kuwerenga mokweza. Unali uthenga wa kuumitsa mtedza. Ndinawadziwa mawuwo, anali a mwana wanga, ngakhale kalankhulidwe kake. Ndinakhala pansi padothi. Aneba ankayesa ndi chisoni chokha, anayamba kundisisita pamsana. Koma ine ndinkawerenga masiku. Anakonza Lachitatu. Anamwalira Lachinayi. Lachisanu pachulu sipanakwere munthu. Ndiye kuti m'nkhokwe muja munali mudakali mawu anga, ndipo panatsala Lolemba la kuthothola, kenako la kuswa. Anthu a midzi yonseyi adzawerenga kuti awaze madzi, ndipo adzawaza, chifukwa zanenedwa ndi foni.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa achimwene. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya.

"Achimwene, mu laputopu muja muli mawu ofunika apite."

"Apite kuti?"

"Ku nkhokwe."

Anaika pansi tsamba la fodya limene linali m'manja.

"Achemwali, chisoni chimalankhulitsa zambiri. Pitani mukapume. Chitseko chija chitsegulidwa tsiku lake."

Ndikanawafotokozera za madzi ndi chuku mwina akanamva. Koma kuti ndifotokoze ndinayenera kunena kuti mawu olakwikawo ndi anga, ine amene ndinadzitama pamaso pa amayi a kumpingo, mkazi wawo ali pomwepo. Ndinabwerera.

Loko uja anali wanga, amene kale ndinkatsekera khola la mbuzi. Loko amabwera ndi makiyi atatu. Wina anatayika kalekale, wina anali m'jekete la achimwene, wachitatu anali m'kachitini ka masingano pansi pa bedi langa. Ndinalimbana nazo masiku atatu. Sindinatengepo chinthu mobisa chibadwire, ndipo kulowa m'chipinda cha malemu chotsekedwa ndi eni mbumba si nkhani yaing'ono kuno. Abale a bambo ake akanamva akanati ndikubisa katundu, ndipo mawu oterowo sachoka pamunthu.

Lachisanu m'mawa ndinatsegula. Fungo la mafuta ake odzola linali lidakalimo. Sindinayang'ane zovala. Ndinatenga laputopu, ndinaiika m'lichero n'kuphimba ndi masangwi a mtedza, ndinasenza ngati ndikupita kukadyetsa mbuzi. Pachulu ndinakhala pamalo pamene udzu unali utagona, moyang'ana ku Namitete. Ndinaitsegula n'kudina batani limene ndinkamuona akudina. Inayaka. Panaoneka kabokosi kamodzi pakati, mkati mwake kamzere kakuthwanima. Ndinati ndiye kuti ikutumiza, monga mmene uthenga wa pafoni umapitira wokha ukafika pamene pali netiweki. Ndinakhala ndi mtima uli m'mwamba, maso kunjira ya kwa achimwene, mpaka dzuwa linayamba kuotcha. Ndinawonjezerako nthawi kuti mawu onse athe kupita. Kenako ndinaitseka, ndinaibwezera pamalo pake, loko n'kumukhoma.

Sabata yotsatira yonse ndinali ndi mtendere pa nkhani imeneyi. Lolemba uthenga wa kuthothola utafika pafoni ya aneba, ndinati mumtima, wotsatirawo ubwera wokonzedwa.

Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti uthenga wa kuswa upite, mayi wa magalasi uja anatulukira pa njinga yamoto chakumasana. Anabweretsa shuga ndi sopo. Ndinatumiza mawu kwa achimwene, anabwera atavala jekete lija. Tinakhala pakhonde, iwo pampando, ife awiri pamphasa. Atatha malonje mayiyo anati kwabwera munthu watsopano pamalo pa mwana wanga, alibe chogwirira ntchito, ndiye amutuma adzafunsenso.

"Ndinanena kale, mayi," anatero achimwene. "Kwatsala sabata ndi theka. Ife sitikuba chinthu cha bungwe. Koma mwambo ndi mwambo."

"Ndamva, abambo. Tidikira. Ikadzabwera tidzangoitsuka n'kupatsa mnzathuyo."

"Kutsuka kwake kotani?" ndinafunsa.

"Kufufuta zonse zimene zilimo, amayi. Musade nkhawa, ntchito yake yonse ili kale m'nkhokwe. Ankatumiza Lachisanu lililonse osaphonya."

"Ndi zomaliza zija zinafika eti?"

"Zomaliza ziti?"

"Za Lachisanu lapitali. Osati dzulo, linalo."

Anatulutsa foni n'kuyang'anamo, anaimirira n'kupita kumapeto kwa bwalo kusaka netiweki, anabwerera.

"Zomaliza zimene anathira ndi za Lachisanu la sabata imene inatha iye ali moyo. Kuchokera pamenepo palibe. Ndani akanatumiza, amayi?"

Achimwene anatembenuka n'kundiyang'ana. Panalibenso kothawira.

"Ndine," ndinatero. "Ndinatsegula chipinda ndi kiyi wina. Ndinapita nayo pachulu."

Achimwene anaimirira, mpando unagwa chagada.

"Achemwali! Mwati chiyani? Ine ndikuyenda ndi kiyi m'thumba ngati chitsiru, kutchalitchi, kumsika, kumaliro a anthu, inu mukulowa n'kutuluka? Abale a bambo ake ndikawauza chiyani? Mwandivula pamaso pa mlendo!"

"Ndinalowa kamodzi. Zovala sindinakhudze."

"Kamodzi n'kochepa?"

Mayi uja anadikira kuti achimwene apume. Kenako anandifunsa pang'onopang'ono zimene ndinachita pachulu. Nditamuuza za kabokosi ndi kamzere kothwanima, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Amayi, kabokosi kaja kankadikira mawu achinsinsi otsegulira. Inali isanatseguke n'komwe. Ndiponso laputopu ilibe netiweki yakeyake, inkamwa ya pafoni yake. Ngakhale ikanatseguka, siitumiza yokha, pamafunika munthu aiuze."

Foni ya mwana wanga inaphwanyika pamsewu paja. Ndiye kuti ndinakhala pachulu mmawa wonse ndikuyang'ana chitseko chotseka.

"Koma munali chiyani mmenemo choti mpaka muthyole mwambo?" anafunsa mayiyo.

Ndinanena zonse. Ndinanena za madzi, kuti ndine ndinamuuza, kuti analemba chifukwa ndine mayi wake, kuti Lachitatu anakonza koma sanathire. Nkhope ya mayiyo inasintha. Anayang'ananso pafoni, anapeza uthengawo pamzere wake n'kuuwerenga chamumtima.

"Ulipo. Upita mkucha. Amayi, mukanangondiimbira!"

"Nambala yanu ndinalibe. Ndiponso ndinkati ndatumiza."

"Madzi?" anatero achimwene, akadali chiimire. "Nkhani yonseyi ndi madzi? Nanga si tonse timawaza?"

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa thumba lija. Ndinali ndisanalitaye, ndinangosiya kusinja. Ndinang'amba njere pamaso pawo monga anachitira mwana wanga, n'kuwaika m'dzanja zobiriwirazo. Kwawo kuli adzukulu atatu amene amadya phala la nsinjiro m'mawa uliwonse. Ananunkhiza, anafikisa ndi chala.

"Nanga inu mayi simungakalembe nokha ku ofesi kwanuko, chitseko changa n'kukhala chotseka?"

"Kompyuta yanga ili mu ofesi, abambo, ndipo mwakhomedwa mpaka Lolemba. Makina amatapa m'nkhokwe 6 koloko m'mawa, ife tisanafike. Komanso amayi akuti anakonza ndi zina. Sindikudziwa kuti n'ziti. Zili mmenemo."

Achimwene anadzutsa mpando n'kukhalapo. Ine ndinkayang'ana dzuwa, linali litayamba kupendeka, ndipo mayiyo anayenera kukapeza minibasi ku Namitete kusanade.

"Chulu chija chili m'munda wa ndani?" anafunsa achimwene.

"Wathu," ndinayankha.

"Ndiye kuti chinthu chikapita pamenepo sichinatuluke pakhomo." Anatulutsa kiyi m'jekete. "Ndinyamula ndekha, ndibweza ndekha. Ndipo kiyi winayo mundipatse pompano."

Ndinawapatsa.

Laputopu inakana kuyaka. Tsiku lija ndinangoitseka osaizimitsa, ndiye batire inatheratu. Tinailumikiza ku sola ya mwana wanga, imene inali m'chipinda momwemo, n'kukhala kudikira. Achimwene anakhala pakhomo pa chipindacho ngati mlonda. Patatha pafupifupi ola mayi uja anati sitingadikirenso, yatengako pang'ono, tiyeni.

Achimwene anayenda patsogolo ataigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero. Pokwera chulu anaterereka, koma sanaigwetse. Mayiyo anakhala pansi, anaitsegula ndi mawu achinsinsi a ku ofesi, anailumikiza ku foni yake. Zala zake zinkathamanga.

"Ndazipeza. Anakonza malo atatu. Wa kuswa, wa kasungidwe m'matumba, ndi wina wa mbewu ya chaka chamawa. Analembanso chifukwa chake."

"Tumizani," anatero achimwene.

Anadina. Tinadikira. Panatuluka mawu ambiri, ena ofiira.

"Yakana."

"Yakana bwanji? Netiweki?" ndinafunsa.

"Ayi. Sabata yatha mnzathu wina ku ofesi anakonza mzere womwewu. Anafupikitsa mawu a madzi aja kuti akwane bwino mu uthenga umodzi. Ndiye pano mzere umodzi uli ndi mawu awiri osiyana, a muno ndi a m'nkhokwe. Makina sadziwa olondola, amangodziwa kuti zasiyana. Akufuna munthu asankhe."

Ananditembenuzira laputopu. Ndinaika chala pagalasi n'kuwerenga ndekha. Pamwamba panali mawu a mwana wanga. Pansi panali anga, atakonzedwa bwino, afupi, omveka kuposa mmene ndinawanenera. Munthu wophunzira anakhala pansi n'kuwasalaza osaona kuti ndi olakwika.

"Apansiwo achoke," ndinatero.

Anawachotsa n'kutumizanso. Ulendo uno zinapita. Ndinayamba kudzuka, koma anandigwira mkono.

"Zafika pakhomo pa nkhokwe, sizinalowe. Malamulo athu ndi oti munthu wachiwiri aone n'kuvomereza. Ine ndatumiza, sindingavomerezenso ndekha."

Anaimbira bwana wawo amene amayang'anira za malangizo. Foni inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Pakona ya laputopu kachizindikiro ka batire kanali katafiira, koma mayiyo anati zimenezo zilibenso kanthu, chofunika tsopano ndi bamboyo. Anaimbira mnzake wina, amene anati bwanayo ali ku ukwati wa mphwake. Achimwene anayamba kuyendayenda pansi pa chulu, manja kumbuyo.

"Anthu a m'tauni," anatero. "Ukwati mpaka foni osaimva."

Kachisanu bwanayo anayankha. Ndinkamva nyimbo ndi nthungululu kumbuyo kwake. Mayiyo anafotokoza mofulumira, ndipo ndinamva bamboyo akufunsa kuti kodi sizingadikire Lolemba, ndiponso kuti wanena zimenezi ndani, popeza mwini laputopu anamwalira. Mayiyo anandiyang'ana, n'kundipatsa foni.

Ndinali ndisanalankhulepo ndi bwana wa ofesi. Ndinagwira foni ndi manja awiri.

"Bambo, pepani takusokonezani pa chisangalalo. Ndine mayi wa malemu. Mawu owaza madzi pa mtedza aja ndinanena ndine, ndipo ndi olakwika. Amabweretsa chuku. Mwana wanga anakonza Lachitatu ine ndikuona, Lachinayi n'kumwalira. Akapita mmene alili, anthu awaza."

Kenako nyimbozo zinayamba kumveka patali, ndinadziwa kuti watuluka panja.

"Amayi, mukuti m'buku lathu muli uthenga wouza anthu kuti anyowetse mtedza?"

"Eya, bambo."

"Zinatidutsa bwanji zimenezi?" Sankafunsa ine. "Pepani ndi maliro, amayi. Mupatseni foni mnzangayo."

Bwanayo anati aona pafoni yake pomwepo. Tinakhala pachulu atatu, kuyang'ana foni ya mayiyo, chifukwa laputopu inali itazima. Netiweki inachoka, anaimirira n'kukweza dzanja m'mwamba, inabwerera. Mthunzi wa chulu unali utafika pamizere yachitatu ya munda pamene anati, "Wavomereza. Zalowa."

Achimwene anatenga laputopu n'kukaibwezera m'chipinda, anakhoma loko, anagwedeza kawiri kuti aone ngati wagwira. Mayiyo anakwera njinga yamoto mothamanga. Tisanasiyane analemba nambala yake pachikuto cha buku langa la nyimbo.

Mtima wanga sunakhazikike. Ndinali nditakhulupirirapo kale kamodzi kuti zapita. Lamulungu kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Lolemba ndinalawirira kwa aneba, ndinawapeza akusesa. Ndinakhala pakhonde pawo, foni yawo ili pakati pathu pamphasa. Anandipatsa mbatata, sindinadye. Inalira kamodzi, anali mlamu wawo wa ku Mulanje wofuna kudziwa za mitengo ya fodya, ndipo anacheza nthawi yaitali. Dzuwa litakwera inaliranso.

Anawerenga mokweza. Mtedza uziswedwa wouma. Musauwaze madzi ngakhale pang'ono, chifukwa chinyezi chimabweretsa chuku chimene chimadwalitsa anthu, makamaka ana.

"Bwerezaninso," ndinatero.

Anabwereza.

"Aa, ndiye zala zathu zitha chaka chino," anatero aneba. "Amene analemba zimenezi sanaswepo mtedza."

"Anaswapo," ndinayankha. Ndinatenga mbatata ija n'kudya.

Tsiku logawa zovala linafika. Achimwene anauza abale a bambo ake zonse zimene zinachitika, ndi za kiyi wachitatu zomwe, ine ndili pomwepo nditaweramitsa mutu. Azakhali ake ena analankhula mawu owawa, ndinawalandira. Laputopu inaperekedwa kwa mayi uja pamaso pa onse. Ndikumuperekeza anandiuza kuti ngakhale aitsuke, m'nkhokwe muja pambali pa mzere uja mpolembedwa dzina la mwana wanga ndi Lachitatu limene anakonza. Anatinso nkhokwe imeneyo siitaya kanthu, mawu akale amakhalabe pansi pake kuti anthu azidziwa chimene chinasinthidwa.

"Ndiye kuti anga aja akadalimo?"

"Akadalimo, koma sangapitenso kwa munthu."

Zimenezi sizinandisangalatse, ndipo mpaka lero sizindisangalatsa. Ndikanakonda akanafufutika. Kwa amayi a kumpingo ndinakanena ndekha pa msonkhano wathu wapakati pa sabata kuti zimene ndinkadzitama nazo zija zinali zolakwika. Ena anasiya kuwaza, ena akuwazabe, amati makolo athu sanafe nazo.

Patapita miyezi iwiri mayi uja anandiimbira. Anati ku ofesi agwirizana kuti nzeru za alimi zisamalowe m'nkhokwe alangizi asanaone, komanso kuti mauthenga onse aziyamba amveka m'khutu la mlimi asanapite, kuti adziwe ngati Chichewa chake chikumveka kumudzi. Anafunsa ngati ndingalole kukhala mmodzi wa omvera. Ndinamuuza kuti asankha munthu amene analakwitsa kale. Anati akudziwa.

Masiku ano amandiimbira kawiri pamwezi n'kundiwerengera mauthenga amene ali pamzere. Ndimasiya chimene ndikuchita, ndimamvetsera mpaka kumapeto, pamene mawu sakumveka ndimanena, ndipo chimene sindikuchidziwa ndimamuuza kuti sindikuchidziwa, akafunse alangizi.